Nsalu ya Masamba a Nandolo

Ndinadzuka kusanache, kuitana kwa ku mzikiti kusanamveke. Kunena kuti ndinadzuka n'kukometsa nkhani chabe, chifukwa tulo sitinabwere. Ndinangotsamira khoma, miyendo yanga itapiringizana ndi ya amuna ena amene anagona pansi pabalaza. Tinali m'nyumba ya mkulu wina wa ku Mangochi, dalaivala wa basi ya hotela, pansanjika yachitatu ku Bin Mahmoud, kuno kudziko la Aarabu. Iye ndi mkazi wake ndiwo anavomera kuti nyumba yawo ikhale ya siwa ya achemwali anga. Kwathu ku Machinga pakanakhala moto wa zitsa pabwalo, nyimbo za sikiri zikumveka mpaka kutsidya kwa dambo. Kuno azimayi anali kuchipinda, akulira atatseka pakamwa ndi mapilo kuti oyandikana nawo asakadandaule kwa landilodi. Paja kwa eni kulibe mkuwe. Ndinasukusula m'kabafa kothina, n'kuyamba kufufuza nsapato zanga pamulu umene unali pakhomo.

Achemwali anali atatha masiku asanu mufiriji ya kuchipatala. Anagwa ali pantchito, magazi atathamanga, ndipo sanatsegulenso maso. Masiku asanu amenewo ine ndinawathera m'makonde a maofesi, ndikusenza mapepala kuchoka pawindo ili kupita pawindo ilo. Ndine mlonda pa nyumba ina yaitali ku Al Dafna, ndipo ntchito yanga ndi yoimitsa anthu: ndikangotukula dzanja, ngakhale galimoto ya bwana imaima. Sabata imeneyo woimitsidwa paliponse ndinali ine. M'bale wawo wamagazi m'dziko muno ndinali ndekha, mlongo wawo wamng'ono amene iwo anachita kumukokera kuno kuti asiye kukhala pa Ntaja akuwerenga magalimoto odutsa. Amayi athu kumudzi atamva kuti kutumiza thupi kungatenge masabata enanso, anadula okha nkhani. Anati Msilamu sagonekedwa pamadzi oundana ngati nsomba, aikidwe komweko. Mapepala otilola kuika maliro anatuluka dzulo lake, ndipo tinauzidwa kuti mwambo ukhala ikatha swala ya Asiri, ija ya masana dzuwa litapendeka.

Amayi anapempha chinthu chimodzi chokha. Ife tikamaika maliro a munthu wamkazi, amuna anayi amatambasula nsalu pamwamba pa dzenje kuti thupi potsika lisaonekere pagulu. Kumanda kuno ali nayo nsalu yawo ya ntchito imeneyi, yotchingira aliyense wobwera. Amayi anaikana. Pafoni anandiuza kuti, “Mwana wanga asatchingidwe ndi nsalu ya aliyense. Upeze yake mwini. Ikatchinga uisunge, ndiyo idzabwere kuno m'malo mwake.” Ndinavomera mosavuta, poganiza kuti mzimayi wa ku Malawi sangasowe chitenje. Koma achemwali anali atatsala ndi mwezi umodzi kuti abwerere kwathu osadzabweranso, ndipo katundu wawo yense anali atatsogola kale pa kago. M'kachipinda kawo tinapeza mayunifomu awiri, thawulo, ndi abaya imodzi, mkanjo uja wa azimayi a kuno, yosatheka kuitambasula. Azimayi anzawo anandipatsa zitenje zawo, amvekere amayi adziwa bwanji. Ndinakana, mwina mwamwano pang'ono. Ndiye mnzawo wogona naye chipinda chimodzi anakumbukira kuti kuntchito kwawo kunali nsalu ina imene mkulu wina, a Chacha, ankawadindira.

Nditatuluka mumzikiti ndinalunjika kumeneko wapansi. Inali nyengo yozizira ya kuno, mphepo ikuwomba mopyoza jekete, ndipo kumwamba kunali mitambo yotuwa yoti ukanakhala kwathu ukanathamangira kukaanula ufa. Sindinaiganizire. Kunyumba ya siwa ndinasiya azimayi akuyatsa mbaula ya gasi ya mafuwa awiri, akukangana monong'ona kuti mpunga wa anthu ambiri chonchi auphika kangati m'mapoto aang'onowo.

Achemwali ankagwira ntchito m'sitolo yaing'ono ya nsalu, ya banja lina la Amwenye. Kuseri kwa sitoloyo kuli chipinda chachitali kumene mkulu wina wokalamba amadinda nsalu pamanja ndi zidindo zamatabwa. Onse amamutchula kuti Chacha, komwe m'chilankhulo chawo kuli ngati kunena kuti bambo aang'ono. Ndi Msilamu mnzathu, ndipo ntchitoyi anaiphunzira kwa bambo ake, iwonso kwa bambo awo. Achemwali analembedwa kuti azisesa, koma pomatha zaka zinayi anali ndiwo ochapa nsalu zodindidwazo, kuziyanika padenga ndi kuzisita. Ine ndinkawaseka kuti anaoloka nyanja kudzakhala dobi wa Mmwenye, ntchito yoti akanaipeza pa Limbe pomwepa. Iwo ankangoti, “Inu achimwene, mumadziwa chiyani kupatula kutsegula geti?”

A Chacha ndinawapeza atakhala pampando, nyali itayaka, osagwira chilichonse. M'chipindamo munkanunkha dzimbiri ndi chinachake chowawasa ngati thobwa logonera. Makoma onse anali mashelefu odzaza zidindo, zina zazikulu ngati njerwa, zina zokwana m'chikhatho, chilichonse chili ndi chogwirira kumsana ndi maluwa osemedwa kumimba. Pakati panali thebulo lalitali loyalidwa ziguduli zambiri, ndipo pamwamba pake panali nsalu ya achemwali, yokhomedwa ndi timapini kuti isasunthe. Inali yachikasu chozimiririka, ngati tiyi wothira mkaka wambiri, ndipo ponseponse panali masamba akuda, atatuatatu pakamtengo. Ndinawazindikira nthawi yomweyo. Anali masamba a nandolo.

Nkhani yake ndinaimva m'mawa womwewo, m'Chingerezi chawo chothyokathyoka chosakaniza ndi Chiarabu. Tsiku lina achemwali anabwera ndi nandolo wophika kudzadya masana, a Chacha n'kumuzindikira, chifukwa kwawonso amalima. Achemwali anajambula tsamba ndi khoko lake pakatoni, ndipo mkuluyo anasema zidindo ziwiri pa nthawi yake yopuma, china cha masamba, china cha makoko. Nsaluyo inali yoti achemwali adzavale potsika basi kumudzi. A Chacha ankawatchula kuti beti, kutanthauza mwana wanga wamkazi.

Nditanena chimene ndinadzera, anapukusa mutu. Anati nsaluyo ikadali yaiwisi. Anandionetsa chidebe cha utoto wakuda, umene amapanga poviika zitsulo zadzimbiri m'madzi a shuga wa nzimbe kwa masabata, kenako n'kuulimbitsa ndi ulimbo kuti ugwire pachidindo. Anandionetsanso makoko a nandolo pansaluyo, amene ankangooneka ngati madontho otumbululuka. Anati amenewo adzafiira nsalu ikadzaphikidwa ndi mizu ina ya kwawo. Izi zisanachitike imayenera kuuma padzuwa masiku angapo, kenako kuchapidwa m'madzi ambiri oyenda kuti ulimbo uchoke usanadetse poyera. Zonse pamodzi, masiku anayi.

“Madzi akaigwera isanachapidwe mwa njira yake, utoto uyenda,” anatero.

“Chacha, kuno mvula imagwa kangati?” ndinawafunsa.

Anayang'ana pawindo. Ine mtima wanga ndi wapachala, ndipo tsiku limenelo unali utafika kale m'kamwa. Ndinawauza kuti masiku anayi ndilibe, ndili ndi maola asanu ndi awiri. Kuti nsalu ndi nsalu. Kuti zitenje za kwathu timavala mvula ikugwa ndipo palibe amene amasanduka wakuda. Ndinalankhula ngati ndikuthamangitsa munthu woimika galimoto malo olakwika. Mkuluyo anandilola kuti ndimalize. Kenako analoza mbali imodzi ya nsaluyo, pomwe panatsala malo otalika ngati mkono opanda tsamba ngakhale limodzi, n'kunena kuti ngati ndikuitenga basi, ndiwalole atsirize pamenepo. Nsalu ya beti singapite ndi dazi.

Ndinayembekezera kuti ndi ntchito ya mphindi khumi. Anayamba n'kuvundula utoto, kuuthira m'kathireyi koyalidwa nsanza, kuusalaza ndi kathabwa. Anagunditsa chidindo pautotopo kawiri, n'kuchiyang'ana kumimba, n'kuchitsitsa pansalu pang'onopang'ono mpaka kansonga ka pangodya yake katakumana ndi tsinde la tsamba lapitalo. Akatero ankachimenya kamodzi ndi chibakera chokulunga nsanza, dii, n'kuchinyamula mowongoka. Tsamba lililonse linkalowa mwa linzake popanda msoko wooneka. Foni yanga inkalira osalekeza: shehe wathu akufunsa ngati ndanyamuka, mwini nyumba akuti anthu ayamba kufika, wina wa kuchipatala akuti pakufunika siginecha yanga. Ndinapempha kuti ndiwathandize ndi chidindo chinacho kuti tifulumire. Anandipatsa, n'kundilozera kansanza kapambali. Chinali cholemera kuposa momwe chinkaonekera, ndipo chimene ndinadinda chinatuluka ngati mapazi a nkhuku pamatope. Anachitenga m'manja mwanga mwaulemu, osaseka, n'kupitiriza. Ndinaima pamenepo ola lathunthu ndi theka, manja ali m'thumba, ndikumvera kugunda kwa chibakera chija.

Atamaliza anaiyatsira fani, poti dzuwa kunalibe. Sindinalole kuti idikire nthawi yaitali. Anaipinda okha, akuika manyuzipepala pakati pa mapindo, n'kundipatsa ndi manja awiri. Anati kumanda abwera.

Kuchipatala ndinasaina pomwe anandilozera. Thupi analitengera kumalo osambitsira maliro, ndipo mwa azimayi athu analola awiri okha kulowa kuti athandizane ndi ogwira ntchito kumeneko. Pobwerera kunyumba ya siwa ndinapeza nsapato zitafika pamasitepe. Anthu ankabwera momwe mashifiti awo anawalolera: alonda anzanga ali m'mayunifomu, oyeretsa m'mahotela mabaji ali pachifuwa, atsikana ogwira ntchito m'nyumba amene anapempha ola limodzi ponama kuti akupita kukagula mankhwala. Anabweranso Amalawi achikhristu amene amapemphera ku Abu Hamour, ena a ku Kenya ndi ku Uganda, ndi mzimayi wina wa ku Philippines yemwe palibe ankamudziwa, amene anangokhala pakona atagwira kapu ya tiyi mpaka inazizira. Wina ankandigwira dzanja n'kuti, “Pepani achimwene, ndangothawa pa break, supervisor sakudziwa,” n'kutsika masitepe mothamanga. Maliro n'kulirana, koma kuno timalirana tikuyang'ana wotchi. Mpunga unkatuluka kukhitchini pang'onopang'ono, mbale imodzi anthu asanu.

Chakumasana tinaimba foni ya kanema kumudzi. Pakhomo pathu panali podzaza, azimayi atakhala pamphasa, amuna pansi pa mtengo wa mango, maliro opanda thupi. Amayi anafunsa ngati nsalu yapezeka. Ndinakweza phukusi lija kuti alione, ndipo netiweki inaduka asananene kanthu.

Azimayi kumanda sanapite, monga mwa mwambo. Anatiperekeza mpaka pamasitepe. Pamenepo mnzawo wa achemwali uja analephera kudzigwira, anakuwa kamodzi kokha, mkuwe weniweni wa kwathu, anzake n'kumukokera mkati ndi kutseka chitseko. Tinakwera basi ya hotela ija, imene mwini nyumba anabwereka kwa abwana ake. Patsogolo panali galimoto yonyamula thupi. Pamsewu palibe amene anadziwa kuti tikuperekeza munthu. Kwathu wapanjinga amatsika, wamalonda amaimirira, ana amathawira kuseri kwa nyumba. Kuno tinkaima pamaloboti ngati wina aliyense, ndipo pena galimoto zina zinalowa pakati pathu mpaka ya achemwali inatisowa kwa kanthawi. Phukusi linali pamiyendo panga. A Chacha anakhala mpando wakutsogolo kwanga, atavala mkanjo woyera ndi kajekete, akuyang'ana kumwamba kudzera pagalasi.

Mumzikiti wa kumanda munali majeneza anayi, zithatha zonyamulira maliro, tsiku limenelo. La achemwali linali lakumapeto. Itatha swala ya Asiri tinaimirira m'mizere pamodzi ndi anthu amitundu yonse, n'kupempherera onse anayi nthawi imodzi. Sizinatenge nthawi. Chimene chinandikhudza n'chakuti potuluka, anthu osawadziwa n'komwe achemwali ankalimbirana kuika phewa pa jeneza lawo, wina akasenza mapazi khumi n'kupatsira mnzake. Ndinalira pamenepo koyamba tsiku limenelo. Tili pakati pa njira yopita kumizere ya manda, ndinamva kadontho pakhosi. Ndinayesa thukuta la wina. Kenako pamchenga panayamba kuoneka timadontho.

Manda a kuno amakumbiratu ndi makina, m'mizere yowongoka, ndipo dzenje lililonse lili ndi kachipinda m'mbali kogonekamo thupi. Titafika pa dzenje lathu mvula inali yowaza chabe. Wogwira ntchito kumandako anabwera ndi nsalu yawo yobiriwira ili paphewa. A Chacha anandigwira pamkono. Analoza nsalu yobiriwirayo ndi maso, kenako phukusi langa, kenako kumwamba. Ndinamva bwino lomwe chimene ankanena. Koma m'makutu mwanga munali mawu a amayi, ndipo ndinadziuza kuti ndi mphindi zisanu zokha, mvula ya kuno ndi yongoopseza. Wa kumandayo anali akutifulumizitsa kuti, “Yala, yala,” chifukwa kunali maliro ena odikira. Ndinamasula phukusi n'kutaya manyuzipepala pansi.

Ngodya zitatu anagwira mwini nyumba uja ndi alonda anzanga awiri, ndipo yachinayi anaitenga a Chacha okha. Ine ndinatsikira m'dzenje pamodzi ndi akuluakulu awiri amene shehe anasankha kuti andithandize. Nsalu itatambasulidwa pamwamba pathu, kuwala kunabwera kudzera mwa iyo, ndipo aka kanali koyamba kuiona bwinobwino. M'mawa muja ndinkangoona wotchi. Masamba aja anali paliponse pamwamba panga, atatuatatu, ndi timitsempha tawo tonse, monga momwe umawaonera ukagona chagada m'munda wa nandolo kuthawa dzuwa. Ndinaganiza kuti ndachita bwino. Thupi analitsitsa m'manja mwathu, lokulungidwa m'sanda yoyera mbee, lozizira ndi lopepuka kuposa achemwali amene ndinkawadziwa.

Pamenepo mvula inakhuthuka. Ndinaimva ikugunda pansalu, ndipo pakati pake panayamba kulendewera. Dontho loyamba linagwera padzanja langa, lakuda. Lachiwiri linagwera pasanda. Ndinakuwa kuti akoke nsalu, aikoke ndithu, koma kukokako kunangofinya madzi ambiri. Munthu sumulonga m'manda ngati thumba. Umayenera kumulowetsa m'kachipinda kaja mofatsa, kumugoneka chakumanja nkhope italoza ku Maka, kumasula mfundo za sanda imodzi ndi imodzi. Zonsezi tinazichita madzi akuda akutsika ngati denga lothonya. Ndinayesa kupukuta ndi chikhatho, ndipo ndinangopaka malo aakulu. Ndinawerama kuti nditchinge ndi msana, koma madzi ankatsetsereka m'mapewa mwanga n'kugwera pomwepo. Pomwe tinkamaliza, sanda inali ndi mawanga akuda kuyambira pachifuwa mpaka kumapazi.

Ndinayang'ana shehe, amene anagwada pamlomo pa dzenje atasuzumira pansi pa nsalu. Ndinamufunsa ngati tingawatulutse, tikapeze sanda ina. Anandiyankha motsitsa kuti utoto si uve, ndipo munthu amene wagonekedwa kale sitimuvutitsanso. Anati tseka, mwananga. Anatipatsira masilabu, ndipo ndinawaika ndekha, limodzi ndi limodzi, mpaka choyera ndi chakuda chomwe zinabisika. Achemwali anali munthu waukhondo woti ngakhale yunifomu yosesera ankaisita. Ine ndinawagoneka atathimbirira chonchi, tsiku lokhalo limene sakanatha kudzichapira okha.

Nditatuluka ndinaiona nsalu ija ili m'manja mwa anthu anayi aja, asakudziwa kuti aitani. Masamba kunalibe. Panali chimtambo chotuwa, pena chakuda bii, chikudontha. Ndikanakonda wina akanandikalipira. Tinaponya dothi katatu aliyense, lonyowa, lomata m'zala. Ogwira ntchito anakwirira mwachangu, n'kuzika kachikwangwani ka nambala, opanda dzina. Shehe anachita pemphero la dua mwachidule chifukwa anthu anali atanyowa ndipo ambiri shifiti inali itayandikira. Nambalayo ndinailemba pafoni, ndipo ndinaiwerenga kawiri kuopa kulakwitsa.

A Chacha anatsalira nane pomwe ena ankathamangira kubasi. Dzanja la mkanjo wawo linali lakuda mpaka m'chigongono. Mawu oti ndinakuuza sanatuluke pakamwa pawo, ngakhale anali ndi ufulu wonse. Ndinawafunsa ngati ingachapike. Anati chakuda chimenechi chikaluma, chaluma. Kenako anati zidindo zilipo, andidindira ina yofanana ndendende, yophikidwa bwino, makoko ake ofiira, ndipo pakutha pa sabata ikhala itatheka. Ndinawauza kuti imeneyo idzakhala isanatchinge kanthu. Anagwedeza mutu kuvomereza. Anaifinya nsaluyo pang'onopang'ono, osaipotokola, n'kuipinda mwaulemu womwe uja wa m'mawa. Misozi inkatsikira m'ndevu zawo, ndipo sanaipukute chifukwa manja anali akuda.

Pofika kunyumba dzuwa linali litalowa, mvula itasiya. Azimayi anali atatsuka mapoto n'kubwerera kwa mabwana awo. Nkhani ya nsalu inali itawapeza kale, chifukwa mkazi wa mwini nyumba atanditsegulira sanandiyang'ane kumaso. Anangondiikira tiyi pathebulo n'kulowa kuchipinda. Mwamuna wake anapita kukabweza basi. Pakhomo panatsala nsapato zanga zokha, zamatope. Pabalaza pomwe m'mawa munalibe popondera panali mphasa zopindidwa ndi makapu ovundikira pathireyi, ndipo chomveka chinali firiji ndi magalimoto apansi akudutsa m'zithaphwi.

Pafoni panali uthenga wa mawu wochokera kwa amayi, wojambulidwa ndi mdzukulu wawo. Ankafunsa ngati zonse zayenda bwino, ndipo ankapempha chithunzi cha nsalu. Ndinaumvera katatu. Ndinaiyala nsaluyo pansi, ikadali yachinyezi, ndikuganiza mawu oti ndiyambire. Ndipo ndinaona kuti pangodya zonse zinayi, pomwe anthu aja anafumbata, madzi sanafikepo. Pangodya iliyonse panatsala malo okwana chibakera cha munthu, achikasu, masamba ake ali bwinobwino. Pangodya ya a Chacha panatsala ochulukirapo, chifukwa anaikulunga m'dzanja kawiri.

Ndinagwada, n'kuyandikitsa foni pangodya imeneyo mpaka masambawo anadzaza chithunzi chonse, chakuda chija osaoneka ngakhale pang'ono. Ndinajambula n'kutumiza. Sindinalembe mawu alionse, ndipo ndinadziuza kuti pamenepo sindinaname.

Yankho silinachedwe. Mawu a amayi anali osasa ndi kulira, koma munali kachimwemwe kamene sindinakamve chimwalirireni achemwali. “Nandolo weniweni! Wachita bwino, mwanangu, mlongo wako wamuika mwaulemu. Usaichape, usaitumize pa kago. Udzabwere nayo wekha. Tsiku langa likadzafika, imeneyo ndiyo idzatchinge ine.”

Ndinayankha kuti chabwino, amayi. Kenako ndinakhala pansi pomwepo, pambali pa nsaluyo, tiyi akuzizira pathebulo. Zikhadabo zanga zinali zakuda, ndipo sopo anali atakanika kale. Patapita nthawi ndinayamba kuipinda, ndikuyesa njira iyi ndi iyo, mpaka ndinapeza kapindidwe koti ngodya zinayi zija zikhale pamwamba.